Kalata Yotseguka kwa a Administrador a Boma la Milange: Banja Likatha, Mwana Asalandidwe Kholo

Kwa Olemekezeka a Administrador,
Boma la Milange,
Chigawo cha Zambezia.

Makope apite kwa Woweruza Wamkulu wa khoti la boma lino, kwa a Procurador, ndi kwa Mkulu wa ofesi ya zaumoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu.

Olemekezeka,

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito wa m'boma lino, ndipo chipumireni, abale ndi anansi akhala akundiitana kukakhala nkhoswe kapena mboni mabanja akamagwedezeka. Ndalemba m'Chichewa m'malo mwa Chipwitikizi cha ku ofesi kuti mawuwa akamvekenso pa bwalo la mfumu, ku tchalitchi, ku mzikiti ndi pa msika, komwe kuli eni ake a nkhaniyi.

Nkhani yake ndi ya ana amene makolo awo alekana: akhala ndi ndani, nanga kholo linalo liziwaona bwanji. Vutoli lili paliponse, koma kuno kumalire a Mozambique ndi Malawi limakula msanga. Kawirikawiri ankhoswe, mfumu ndi khoti asanatsegule pakamwa, mlandu umakhala utagamulidwa kale ndi amene wayamba kuwoloka mtsinje ndi mwanayo. Akangoponda tsidya linalo, basi. Mwana amakula atalandidwa mayi kapena bambo amene ali moyo, mwinanso ali pa mtunda woti njinga ingafike dzuwa lisanapendeke.

Mukudziwa bwino kuti maukwati owoloka malire si achilendo kuno. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linaika malire pa mitsinje ya Ruo ndi Muloza, n'kugawa anthu amene ankamwa madzi amodzi. Agogo athu ambiri achilomwe anathawa chibalo kuno n'kukagwera m'thangata m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo. Mu 1986 Milange itagwa m'manja mwa Renamo, anthu anakhamukira ku Muloza ndi m'midzi yozungulira, ndipo pa zaka za nkhondozo Malawi anasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera ndi akazi kapena amuna a kutsidya, ena anatsalira komweko. Lero chimanga, nyemba ndi nandolo zimawoloka pa njinga kupita ku Muloza ndi ku Limbuli, kwacha imayenda m'misika yathu pamodzi ndi metikali, ndipo achinyamata amakumana pa chigayo, pa mpira ndi pa maliro osafunsana ziphaso. Ukwati umamangidwa mosavuta chonchi. Ukatha ndi pamene malire amaonekera.

Mwambo wathu unali ndi yankho lake, ndipo sindikuunyoza. Pa chikamwini ana ndi a mbumba ya mayi, mwinimbumba ndi atsibweni. Banja likatha ankhoswe amakhala pansi, mwamuna amasudzulidwa, amanyamula khasu, nkhwangwa ndi bulangeti lake, ana amatsala. Ubwino wake unali woti mwana sataya nyumba, munda ndi agogo ake. Koma mwambowo unakhazikika pa nthawi imene mudzi wa bambo unali kuseri kwa phiri. Bambo ankabwera pa maliro, pa chinamwali, pa matenda, ndipo mwana ankapita yekha kukadya mango kwa azakhali ake. Panalibe chifukwa chotchulira masiku oonana. Lero bambo akasudzulidwa amapita ku Mocuba, ku Nampula, ku Blantyre kapena ku Joni. Mabanja ena ndi a chitengwa, ena amakhala m'nyumba za lendi m'tauni, kutali ndi ankhoswe onse. Enanso ndi a miyambo iwiri: mwamuna wachisena wa ku Morrumbala kapena ku Nsanje amati, "Ndinalowola, ana ndi anga," atsibweni achilomwe n'kumati, "Kwathu kuno mbumba sigulidwa." Onse akunena zoona za kwawo, ndipo mwana ali pakati, chidebe cha madzi chili pamutu, akumva zonse.

Ndikuuzeni zimene timaona. Bambo amafika Loweruka m'mawa atamangirira jumbo pa kaliyala: sopo, shuga, makope ndi nsapato. Salowa pakhomo, amaima pansi pa mtengo kumapeto kwa bwalo, chipewa chili m'manja. Apongozi ake akale amatuluka n'kumuuza kuti mwana wapita ku dimba, pomwe kamutu kakusuzumira pa zenera. Jumbo amalandira, mwiniwake amabwezedwa. Nsapato zija akamuyesa mwana zimapezeka zothina, chifukwa bamboyo anagula poyerekeza phazi limene analiona komaliza. Akadandaula amamva mawu amene tonse tawamvapo: "Tambala wobwereka alibe anapiye." Kapena: "Unamusiya ali wakhanda, lero wakula ndiye wakumbuka njira?" Akabwezedwa kangapo amasiya kubwera, ndipo mudzi umati taonani, tinanena kuti alibe nazo ntchito.

Mbali inayo njowawa chimodzimodzi. Mayi amalola mwana kupita kutsidya pa Khirisimasi kuti akaone agogo. Amamuchapira zovala, kumuikira m'kachikwama, kumuperekeza mpaka pa mlatho. Chaka chatsopano chimadutsa, sukulu zimatsegulidwa, foni ya bambo sikupezeka. Kenako amamva kwa ogulitsa nyemba kuti mwana analembetsedwa sukulu kumeneko, mwina ndi dzina lina, ndipo akulera khanda la mayi womupeza. Akapita kwa apolisi a kuno amamuuza zoona zake, kuti mphamvu zawo zimathera pa mlatho. Akawoloka amafunsidwa umboni woti mwanayo ndi wake ndi woti ankakhala naye, ndipo chimene ali nacho m'manja ndi khadi la ku sikelo long'ambika. Mayi ameneyu mwana wina aliyense sadzamulolanso kupita kwa bambo ake, ndipo anzake onse amene amva nkhaniyo adzachita chimodzimodzi. Bambo mmodzi akaba mwana amatsekera khomo abambo ena ambiri amene akanabweza ana awo pa tsiku lake.

Pakati pa zonsezi pali ndalama. Amayi amati, "Ukufuna kumuona, sopo ali kuti?" Abambo amati, "Ndikatumiza akudyera limodzi ndi mwamuna wake watsopano." Wina akubisa mwana kuti alandire thandizo, wina akubisa thandizo kuti aone mwana. Amayi ali ndi chifukwa chokwiyira, pakuti katundu wolera amagwera iwo, ndipo abambo othawa udindo alipo ambiri. Komabe chakudya cha mwana ndi kuonana kwake ndi kholo ndi maufulu awiri a mwanayo, ndipo kulanda umodzi sikubweza unzake. Bambo wosapereka thandizo akakamizidwe ndi khoti kupereka. Mwana asakhale chikole cha ngongole ya atate ake.

Malamulo a mayiko onse awiri akunena zomwezi. Ndime 47 ya malamulo oyendetsera dziko lino a mu 2004 imati chilichonse chokhudza ana, kaya chikuchitidwa ndi boma kaya ndi mabungwe, chitsogoze ubwino wa mwana. Lamulo la mabanja nambala 22/2019, limene linalowa m'malo mwa la mu 2004, limaika udindo wolera pa mayi ndi bambo mofanana, ndipo udindowo sutha ukwati ukatha. Lamulo nambala 7/2008 limateteza maufulu a ana, ndipo nambala 8/2008 limapatsa khoti mphamvu zogamula kumene mwana akhale, masiku oonana ndi kholo linalo, ndi thandizo la chakudya, pali woimira boma amene ntchito yake ndi kuyankhulira mwanayo. Ku Malawi, gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko limati ana ali ndi ufulu wodziwa makolo awo ndi kuleredwa nawo, mosayang'ana kuti anabadwa motani. Alinso ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 ndi lamulo la maukwati la mu 2015. Pangano la United Nations la maufulu a ana la mu 1989, limene Malawi analivomereza mu 1991 ndipo Mozambique mu 1994, m'ndime 9 ndi 10 limati mwana wolekana ndi kholo azionana nalo kawirikawiri, ngakhale makolowo akhale m'mayiko osiyana, pokhapokha ngati kuteroko kungamuvulaze.

Malamulo tili nawo. Koma amalembedwa m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi, amakhala ku likulu la boma, ndipo lililonse limalekeza pa mtsinje. Nthawi zina sagwirizana n'komwe. Kuno mwamuna ndi mkazi amene akhalira limodzi zaka zitatu popanda mwambo wa ukwati lamulo limawazindikira, pomwe ku Malawi zimafunika zaka zisanu. Amene akhala zaka zinayi ndi banja tsidya lino, tsidya linalo ayi. Pali pangano la ku Hague la mu 1980 lothandiza kubweza msanga ana amene kholo lawatengera kudziko lina mosagwirizana. South Africa, Zimbabwe ndi Zambia analowamo, koma Mozambique ndi Malawi sanalowemo. Choncho chigamulo cha khoti la ku Milange sichiyenda chokha ku Mulanje, ndipo cha ku Mulanje sichiyenda chokha kuno.

Ndikudziwa kuti khoti siliyendera mawu anu, ndipo mapangano a mayiko sasainidwa ku Milange. Koma mafumu, alembi a m'mabairo ndi maofesi a boma amamva kuitana kwanu, ndipo ndinu amene mumakhala pansi ndi anzanu a kutsidya pa nkhani za malire. Pa chifukwa chimenecho ndikupempha zotsatirazi.

Choyamba, pasakhale kusudzulana kwa banja la ana kumene kukutha popanda pepala. Lamulo nambala 4/92 linakhazikitsa makhoti a m'midzi, ndipo ndime 4 ya malamulo oyendetsera dziko imavomereza njira zathu zothetsera milandu malinga ngati sizikutsutsana ndi malamulowo. Milandu yambiri ya mabanja imathera kumeneko ndi kwa mafumu, koma imathera pa kugawa mbale, mbuzi ndi malata. Za ana amangoti, "Bambo azibwera kudzaona ana ake," osatchula liti. Pakonzedwe pepala la tsamba limodzi, la m'Chichewa, m'Chilomwe ndi m'Chipwitikizi, lofunsa zinthu zogwirika. Mwana azigona kuti? Kholo linalo lizimuona masiku ati? Adzamutenga ndani, adzamubweza ndani, pa malo ati, tsiku liti? Aziyankhulana pa foni ya yani? Akadwala kapena kukagwa maliro, uthenga upita bwanji? Thandizo ndi la ndalama zingati, kapena matumba angati a chimanga pokolola? Makolo asaine kapena adinde chala, ankhoswe a mbali zonse achitire umboni, aliyense atenge kope lake, ndipo kope lina lipite kwa a Procurador kuti khoti liunike ndi kulipatsa mphamvu. Polemba masikuwo akumbukire kuti sukulu za kuno zimayamba chaka kumayambiriro kwa Febuluwale kapena kumapeto kwa Januwale, pomwe za ku Malawi zimayamba mu Seputembala. Mawu oti "pa holide" ali ndi matanthauzo awiri kuno, ndipo mikangano ina imabadwira pomwepo.

Chachiwiri, mafumu, oweruza a m'midzi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti aphunzitsidwe zimene lamulo likunena. Ambiri ndi anthu anzeru ndi ofuna mtendere, koma palibe anawafotokozerapo m'chiyankhulo chawo kuti chikamwini kapena malowolo pazokha sizigamula kumene mwana akhale. Adziwenso milandu imene sayenera kuigwira, monga ya kugwiririra ndi ya kuvulaza mwana, imene njira yake ndi ya kupolisi. Wailesi ya Thumbine imamveka m'midzi yambiri. Woweruza, wa ku IPAJ (ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu) ndi wa zachisamaliro cha anthu atamakhala pa wailesiyo kuyankha mafunso m'Chichewa ndi m'Chilomwe, anthu angadziwe kuti osauka ali ndi ufulu wothandizidwa pa milandu popanda kulipira loya.

Chachitatu, mukakumana ndi Bwanamkubwa wa boma la Mulanje, ana alowe pa mndandanda wa zokambirana pamodzi ndi chimanga chozembetsa ndi njinga zamoto zobedwa. Mbali iliyonse isankhe munthu mmodzi wodziwika dzina ndi nambala ya foni ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, ndi wina kupolisi: kuno ku ofesi yothandiza mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, uko ku Victim Support Unit. Kholo likadandaula kuti mwana sanabwezedwe, anthu amenewa aimbirane, mmodzi akafike pakhomo pamene pali mwanayo, akaone ngati ali bwino, ndipo makolo aitanidwe pa malo amodzi masabata asanachuluke. Kufulumira ndiye mankhwala ake, chifukwa mwana akakhalitsa kutsidya n'kuzolowera sukulu ya Chingerezi kapena ya Chipwitikizi, kumubweza kumakhalanso kumuzula kachiwiri, ndipo wolakwa uja amapindula ndi kuchedwako. Nambala yaulere ya ana ndi imodzi m'mayiko onse awiri, 116, kuno Linha Fala Criança, uko Tithandizane. Ilembedwe pa mlatho, m'masukulu ndi m'zipatala. Kenako mutumize mawu ku Quelimane ndi ku Maputo kuti nkhaniyi ifike ku komiti yokhazikika ya mgwirizano wa Mozambique ndi Malawi. Ndime 11 ya pangano la United Nations lija imalimbikitsa mayiko kupangana awiriawiri pa za ana otengedwa mosaloledwa, ndipo ndime 27 imatero pa za thandizo lochokera kwa kholo lokhala kunja. Boma la kumalire likapanda kukumbutsa, a ku likulu sangazione.

Chachinayi ndi ziphaso. Mwana wosalembedwa m'kaundula wa obadwa n'ngosavuta kumubisa, kumusintha dzina, ngakhale kumukana. Kulembetsa ndi kwaulere m'miyezi yoyambirira mwana atabadwa, koma mayi wa kumudzi wakutali amene wachira m'nyengo ya dzinja safika msanga ku ofesi ya kaundula, ndipo ena amachirira ku chipatala cha kutsidya chifukwa ndi chimene chili pafupi. Magulu olembetsa ana azifika m'midzi ndi pa masikelo, ndipo dzina la bambo lizilembedwa banja lisanasokonekere. Pakhalenso kalata yachidule yovomerezeka ndi a zolowa ndi kutuluka a mbali zonse, yosonyeza kuti kholo linalo lalola ulendo wa mwana, ndi tsiku lobwerera. Ogwira ntchito pa malire amachita bwino kufunsa mafunso akaona munthu ali ndi mwana, pakuti kuzembetsa anthu kulipo, ndipo mayiko onse awiri ali ndi malamulo okuletsa, kuno la mu 2008, ku Malawi la mu 2015. Koma kholo loona mtima likasowa pepala loonetsa limatsikira ku madooko a m'tchire, kumene sikulembedwa kuti mwana wawoloka, ndipo m'dzinja Ruo saseka ndi munthu.

Chachisanu, khoti lifike pafupi ndi anthu. Mayi wa ku Majaua kapena ku Mongue kuti afike ku likulu la boma amalipira njinga yamoto popita ndi pobwera, amasiya munda ndi ana ena, ndipo mlandu ukaimitsidwa sabweranso. Ofesi yanu ingathandize galimoto, mafuta ndi chipinda kuti woweruza ndi a Procurador azikhala masiku oikika m'madera amenewa, ali ndi womasulira wodziwa bwino Chichewa ndi Chilomwe.

Chachisanu ndi chimodzi, mwana amvedwe, koma amvedwe mwaulemu. Kumuimika pakati pa bwalo, agogo uku, bambo uko, n'kumufunsa kuti, "Ukufuna amayi kapena abambo?" ndi kumusenzetsa mlandu umene sanapalamule. Aliyense amene angamutchule, mwanayo adzakhala ndi chikumbumtima kwa amene wamusiya. Munthu wophunzira ntchitoyi akhale naye padera, amufunse za sukulu, za kumene amagona, za amene amamupatsa chakudya ndi za chimene amaopa. Kusankha kukhale kwa akuluakulu.

Ndisamveke ngati ndikuti kholo lililonse lipatsidwe mwana mwachisawawa. Alipo amene banja linatha chifukwa cha zibakera, ndipo amafuna masiku oonana ndi mwana kuti apeze njira yofikira kwa mkazi amene anawathawa. Lamulo nambala 29/2009 lothana ndi nkhanza za m'banja linaikidwa chifukwa cha anthu otere. Pamene pali umboni wa nkhanza kapena uchidakwa woika mwana pa ngozi, kuonana kuchitikire pa maso pa munthu wodalirika, ku ofesi ya zachisamaliro kapena kwa mtsogoleri wa mpingo, kapena khoti likuimitse. Koma choletsacho chichokere kwa woweruza amene wamva mbali zonse. Mkwiyo wa apongozi kapena nsanje ya mwamuna watsopano si chigamulo.

Pa zaka zanga za m'kalasi, ana a milandu yotere ndinkawazindikira ndisanauzidwe. Amasowa pakati pa chaka, n'kudzatulukira patapita miyezi ataiwala Chipwitikizi chimene ankachidziwa. Amabwereza kalasi, amatopa, amasiya. Atsikana ambiri otere amathera m'maukwati aubwana amene lamulo nambala 19/2019 likuletsa, chifukwa pakhomo pa bambo wowapeza kapena mayi wowapeza amaoneka ngati mtolo. Boma likuwononga chuma kulimbana ndi kusiya sukulu ndi maukwati a ana, pomwe limodzi mwa magwero ake lili pa tsiku limene makolo anagawana mbale n'kuiwala kugwirizana za mwana.

Zambiri mwa zimene ndapemphazi sizifuna ndalama za ku Maputo. Zikufuna msonkhano, pepala limodzi ndi manambala a foni ochepa. Ana ambiri amawoloka mu Disembala, pamene sukulu za mayiko onse awiri zatseka, ndipo madandaulo amabwera mu Januwale ndi Febuluwale. Ndikupempha kuti muitanitse mafumu, oweruza a m'midzi, apolisi, a zachisamaliro cha anthu, a IPAJ ndi atsogoleri a zipembedzo Disembala asanafike, mupemphe a khoti ndi a Procurador kuti akhalepo, ndipo a ku Mulanje alandire kalata yowaitana. Amayi ndi abambo amene zinawagwera apatsidwe mpata woyankhula okha. Ife ankhoswe tili okonzeka kubwera, ndipo pepala lija likakonzedwa tidzakhala oyamba kuligwiritsa ntchito.

Ndikuyembekeza yankho lanu, kaya pa kalata kaya pa wailesi.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma ntchito ndi nkhoswe,
Milange.